Mano amene adokotala anandilozeratu

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu ayi, inandichitikira ineyo, ndipo wokayika abwere ndimuyasamulire aone yekha. Zinali m'zaka za m'ma 1980, tikulima mpunga kumunsi kwa Domasi, ine ndili mayi wa ana asanu komanso woyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi ku mishoni, pakuti mawu ndinali nawo, ndipo mano, musandione lero, anali oyera kuti mbee. Koma nkhama zanga zinkatuluka magazi, ndikatsuka m'kamwa magazi, ndikaluma nzimbe magazi. Nanga ndani ankada nazo nkhawa zimenezo? Tinkangoti ndi chiseyeye, n'kupaka mchere basi, kwinaku ndikuika fodya wosinja kunsi kwa mlomo monga ankachitira anzanga kumunda.

Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, mlamu wanga anandikokera pambali n'kundiuza kuti amayi akumakana kuima pafupi nane poimba chifukwa cha fungo la m'kamwa. Manyazi ake! M'mawa mwake ndinakwera basi kupita kuchipatala ku Zomba. Adokotala a mano, bambo wofatsa wolankhula ngati safuna, anatenga kachitsulo kowonda kokhala ndi timizere n'kumakalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama, akutchula manambala, anamwino akulemba. Anagwedeza dzino lililonse, anandifunsa za fodya, anafunsanso ngati amayi anga anakalamba ndi mano awo. Kenako anandiuza kuti fupa logwira mano likudyeka, ndipo analoza ndi chala mano awiri otafunira akumanzere kuti amenewa sindikolola nawo kawiri, lina lakumwamba lidzatsatira, koma anayi akutsogolo angapulumuke ndikasiya fodya n'kumabwera kuti azipala zoipa zomata m'mano.

Tsono inu mukudziwa mmene timaganizira kwathu kuno: munthu akakuuza kuti uona, iwe n'kuonadi, sitifunsanso kuti wachita ndani. Mano amene analozawo sankapweteka n'komwe, ndiye iwo anadziwa bwanji? Amuna anga anati kachitsulo kaja n'kamene anaikira chizindikiro, ndipo anandiletsa kupondanso kumeneko. M'malo mwake anapita nane kwa bambo wina wa kuseri kwa msika wa Songani, amene anandifukiza utsi m'kamwa n'kundionetsa tinthu toyera m'mbale ya madzi, amvekere ndi mphutsi zimene zinkadya mano, ndachira. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Dzino loyamba linatsalira pa chimanga chootcha, popanda ululu uliwonse, ndipo linali lomwe lija analoza poyamba. Dzino lachiwiri linagwa tikumweta mpunga. Lakumwamba litatsatira, ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire, chifukwa tsopano ndinadziwa kuti otsala pamndandanda ndi akutsogolo. M'mawa uliwonse lilime linkathamangira komweko kukayesa ngati alipo. Ndinasiya kuyambitsa nyimbo, poseka ndinkatseka pakamwa ndi chitenje, ine amene kuseka kwanga kunkamveka kutsidya kwa mtsinje. Lamulungu lina ndikung'ung'udza nyimbo pabenchi yakumbuyo, ndinamva limodzi lakutsogolo likusuntha.

Sindinauze aliyense. Ndinasenza kathumba ka mpunga wosinja ulendo wa ku Zomba kukapepesa, kuti ngati ndinawalakwira adokotala aja andimasule. Iwo sanaseke, ngakhale anamwino anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Anatulutsa pepala langa lija n'kundifunsa kuti, kodi munthu akaona nsanamira yodyeka ndi chiswe n'kunena kuti nyumbayi siona mvula ziwiri, ndiye kuti waigwetsa ndi iyeyo? Anati kachitsulo kaja kamangoyeza kuzama kwa dzenje pakati pa dzino ndi nkhama, ndipo dzenje likazama, dzino likugwedera, mwini wake ali pa fodya, aliyense wophunzira ntchitoyi angalosere. Atayezanso ananena kuti atatu tiwapulumutsa, koma lachinayi mwachedwa nalo. Mpunga anakana, anati ndikadye ndi mano otsalawo.

Fodya ndinasiya, kukapalitsa ndinkapita, ndipo atatu aja alipo mpaka lero, okhaokha ngati ana amasiye. Kwaya ndinabwerera, koma mpweya unkathawira pampata paja, moti kuyambitsa nyimbo anapatsa wina, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Zoti kunja kuno kuli zinthu sindikana, koma ndikhulupirira tsopano kuti bambo aja sanalodze dzino ngakhale limodzi, anangoona zimene ine sindinkafuna kumva. Choncho anzanga, nkhama zikayamba kutuluka magazi musadikire ululu, matenda amenewa sapweteka. Ndipo wina akakuuzani chimene chikubwera, yambani mwamufunsa kuti mutani musanamutche mfiti, chifukwa ine dzino limene likanapulumuka ndinalitaya ndekha pothawa munthu yekhayo amene ankafuna kulisunga.