Galasi Lonjenjemera Linandibisira Mkamwana Wanga

Ayi, mowa ayi. Aliyense amayamba ndi funso lomwelo, koma ine mowa ndinasiya mwana wanga woyamba asanayambe kuyenda. Kuthamanga nakonso ayi, tsikulo ndimayenda ngati ndanyamula mazira. Chimene chinandilakwitsa ndi galasi la njinga, lija loonera kumbuyo. Ndikatero ena amaseka, akuti bambo uyu akufuna pothawira. Sindikuthawa. Galasi silidzimanga lokha. Wolakwa ndine, ndipo ndati ndilembe kuti mwina wina wa kabaza angamve.

Chichewa changa mundikhululukire, n'chophunzira pa siteji. Sukulu sindinapite nayo patali.

Ndili ndi zaka 47, ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza kuno ku Chitipa, siteji yathu ili pa Lufita. Njingayo itayamba kukalamba, magalasi onse awiri anayamba kunjenjemera. Injini ikangolira, ukayang'anamo zimakhala ngati ukuyang'ana m'beseni la madzi wina akuligwedeza. Galimoto imodzi imaoneka zitatu. Ukalowa msewu wafumbi, uja wokhala ngati malata, ndiye basi, mumangooneka mitundu yokhayokha.

Tsiku lina ndinabwereka sipanala kuti ndimange. Lakumanzere ndinamanga, silinasinthe. Lakumanja ndikamanga likumasuka, ndikamanga likumasuka, mpaka linachokeratu. Ine sindimadziwa kuti pa njinga zina galasi lakumanja mazinga ake amayenda chobwerera, umamanga ngati ukumasula. Ndani akanandiuza? Komanso sindinafunse. Munthu wamkulu ngati ine kukafunsa kamangidwe ka galasi, ndinaona manyazi. Ndinalikakamiza kulowa mmene ndimadziwira ineyo, mazinga anadyeka, ndinaliponya kunyumba pa zenera. Lotsalalo ndinalikulunga ndi mphira wa chubu. Linapitiriza kuvina ndi mphira womwewo.

Anzanga pa siteji anandiseka. Wina anati, “Adada, galasilo mukufuna muzimetera ndevu? Khosi Mulungu anakupatsani la chiyani?” Ambiri a iwo magalasi amachotsa tsiku lomwe agula njinga, akuti amasokoneza podutsa mopanikizana. Ndinaseka nawo. Ndinazolowera kupotoza khosi. Ndikafuna kukhota, khosi. Ndikafuna kuona ngati kasitomala wakhala bwino, khosi. Mvula inagwa, inatha, tinakolola, galasi likuvinabe. Ndimangoti ndikonza mawa.

Tsopano mumvetse bwino apa, makamaka inu owerenga a kumwera. Kwathu kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'anana nawe kumaso. Sakutchula dzina. Sakukhudza. Mukakumana panjira amapatuka n'kugwada chakumbali mpaka udutse. Nawenso sumuyang'anitsitsa. Ena amati zinatha izi. Pa boma mwina zinatha, kumudzi kwathu zikadalipo. Mkamwana wanga anachokera ku Nthalire, mwana waulemu kwambiri. Anakhala pakhomo panga zaka ziwiri, koma mukanandifunsa kuti nkhope yake njotani, ndikanakuuzani za mapazi ake ndi mawu ake a pansipansi akamapereka moni kuseri kwa chitseko.

Anali ndi pakati, mimba yake yoyamba. Miyezi itakwana isanu ndi itatu, miyendo inayamba kutupa, ndipo kusikelo anamuuza kuti apite akadikirire ku chipatala cha pa boma. Mwamuna wake, mwana wanga, anali ku Tunduma, kutsidya kwa malire, kokapikula katundu. Linali tsiku la msika, anzanga onse a njinga ali kalikiliki, aliyense ndikamuimbira akuti ndili kutali. Ndinati tidikire mawa. Mayi akunyumba anakana. Anati, “Mumutenge ndinu. Nanga mwambo ubereketsa mwana?”

Mwa dongosolo, mayiwo akanakhala pakati pathu. Koma ndi mimbayo atatu sitikanakwana. Ndiye anati atsatira ulendo wachiwiri ndi mbaula ndi ufa, ndipo pakati pa ine ndi mkamwana anaikapo chikwama ndi beseni kuti tisagundane. Mkamwanayo anakhala cham'mbali kumapeto kwenikweni, miyendo yonse kumanzere. Kumanzere n'kumene kuli tcheni. Anavala chitenje chachikasu chatsopano. Pamene amakwera ine ndinali nditayang'ana kutsogolo ngati msilikali. Ndinangopendeketsa galasi langa limodzi lija kuti lizindionetsa mapazi ake. Injini isanalire, mapaziwo ndimawaona bwinobwino, ndi patapata wake wobiriwira. Nditailiza, anasungunuka m'galasimo.

Unali m'mawa, dzuwa lili bwino, koma mphepo ya kuno mukuidziwa nyengo ya fumbi. Tinadutsa dambo, tinayamba kukwera kamtunda, msewu uli malata okhaokha. M'galasi ndinaona chikasu. Chikasucho chimakhala ngati chikutsika m'munsi. Ndinadzifunsa, kodi ndi nsalu kapena ndi udzu wouma wa m'mbali mwa msewu? Ndinasuzumira, ndinatsinzinira diso limodzi, osaona kanthu. Khosi langa lija linayamba kutembenuka lokha monga linazolowera, ine ndinalibweza. Ndinaganiza kuti ndikatembenuka, nkhope yanga ndi yake zikumana pafupi ngati chikhatho, mwana wa eni achita manyazi, mwina adzidzimuka n'kugwa. Ndinati ndikaima pamwamba, pakatha mtunda, ndikamufunse ndili chiyang'anire kutsogolo.

Pamwambapo sitinafike. Ndinangomva ngati munthu wagwira njinga kumbuyo n'kuikoka. Tayala linaima. Chitenje chinali chitakulungika mu tcheni, ndipo chinamukokera mkamwana pansi. Anagwera mimba. Ine ndinagwera mbali inayo, ndinangosupuka chigongono.

Izi zimene ndikufuna kunenazi sindinauzepo munthu kupatula mayi akunyumba. Nditadzuka ndinathamangira pamene anagona. Anali akubuula, mwendo utapindika pamene supindika, koma atamva mapazi anga anakweza dzanja n'kuphimba nkhope yake. Ndipo ine ndinaima. Inu owerenga, ndinaima, manja ali lende, osadziwa ngati ndimugwire. Sinali nthawi yaitali, koma ndinaima. Azimayi amene amachokera ku mjigo ndi amene anataya zidebe n'kumunyamula. Mmodzi anadula chitenje ndi mpeni, uku akundikalipira kuti, “Bambo, mwauma ngati chitsa bwanji? Imitsani galimoto!” Inabwera ina yonyamula chimanga, inatitenga.

Kuchipatala anayesetsa, sindingawanamizire. Mwana anabadwa masana omwewo, wamwamuna. Sanalire. Anakamuika azimayi okhaokha monga zimakhalira ndi mwana wotero, ine ndinatsala pansi pa mtengo panja pa mpanda, chigongono atandipaka mankhwala ofiirira. Anthu odutsa amandipepesa za chigongono.

Patapita masiku mayi akunyumba anandiuza zimene mkamwana anawauza. Akuti nsalu anaimva ikukokeka kuyambira padambo. Anayesa kuikoka, dzanja linalo atagwira chitsulo. Akuti anati “phepani” katatu. Koma ananena ndi mawu aja amene anaphunzitsidwa kulankhula nawo kwa ine, mawu a kuseri kwa chitseko, ndiye pa njinga yolira ndi mphepo ndikanamva bwanji? Mayi anamufunsa kuti bwanji sunawamenye pamsana. Iye anayankha m'Chitumbuka chakwawo kuti, “Ningawakhwaska wuli adada?” Ndiye kuti, ndikanawakhudza bwanji bambo.

Ndiye onani. Iye sakanandikhudza, ine sindikanamuyang'ana. Chimene chikanatilankhulira tonse awiri chinali galasi, ndipo galasilo ndinalisiya likuvina chaka chathunthu.

Mwana wanga atabwera sananditukwane. Bola akanatukwana. Anapita pamene panali njinga, anagwedeza galasi ndi chala chimodzi, linagwedera, anandiyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Mkazi wake atatuluka m'chipatala anamutengera kwawo ku Nthalire, akuti akachire pafupi ndi mayi ake. Akadali konko onse awiri. Mkamwana amayenda motsimphina. Foni ndikaimba mwana wanga amayankha, koma ndi “tili makora,” ndiye kuti tili bwino, basi, kenako akuti netiweki.

Njinga inakhala m'nyumba miyezi iwiri nditaifunditsa thumba. Koma pakhomo pamafunika mchere, ndipo ntchito ina sindidziwa. Ndinaikankha mpaka pa Lufita kwa fundi, ndiye kuti makaniko, wina wachikulire kuti andikonzere tcheni. Za galasi sindinatchule. Atamaliza tcheni analiza injini, anaika dzanja pa handulo, anatchera khutu ngati akumvera mtima wa munthu. Kenako anagwada. Mabawuti awiri ogwira injini anali omasuka, akuti kunjenjemera konse kumayambira kumeneko, galasi limangoulula. Anamanga. Anatenga tayala lakutha, anadula kachidutswa kozungulira ngati ndalama yachitsulo, anakaboola pakati, anakaika pansi pa mwendo wa galasi n'kumanga kanati kake. Mphira wanga wa chubu anautaya kutali. Anafukula m'chitini chake galasi lina lakumanja ndi chogwirira chake, anandionetsa mmene limalowera. Anati, “Ili n'lamakani ngati mwini njinga, umalinyengerera chobwerera.”

Tiyi amene anamubweretsera tikuyamba anali asanazizire pamene amamaliza.

Analizanso injini, anati ndikwere ndiyang'ane. Ndinayang'ana. Kumbuyo kwanga kunali mayi wogulitsa nthochi, ndipo ndimatha kuona nthochi iliyonse payokha, ndi mfundo ya chitenje chake m'chiuno. Anawonjezera mafuta, mfundo ija ili pomwepo, osagwedera. Ndinatsika, ndinakhala pansi pa fumbi. Nkhani yanga anali ataimva kale, kuno sikubisika kanthu, koma sanaitchule. Anangondipepesa kuti, “Pole, mzee,” n'kundipatsa tiyi wake uja.

Za mwambo musandifunse, sindikudziwa. Masiku ena ndimati ndi woipa, masiku ena ndimati mwambo sunamasule mabawuti. Ndatopa nako kuganiza. Chimene ndikudziwa ndi ichi. Galasi likayamba kunjenjemera musalimange ndi mphira, ndipo musamvere a pa siteji. Khosi lilipo, inde, koma lidzafika tsiku limene khosilo simudzatha kulitembenuza. Mayi aliyense akamakwera, kaya ndi ndani kwa inu, musalize injini asanapinde chitenje n'kuchikhalira. Ngati ndi munthu woti sangakukhudzeni, muuzeni kudzera mwa wina kuti akaona vuto amenye beseni, amenye chitsulo, chilichonse cholira. Ndipo mukaona chinthu m'galasi chimene simukuchimvetsa, imani pomwepo. Osati pamwamba pa mtunda.

Ngati kumanga simukudziwa, funsani. Ine manyazi a kufunsa anandidyera mdzukulu amene sindinamuone n'komwe nkhope. Mukafika pa Lufita, kuseri kwa ogulitsa matayala, pali bambo wa imvi wovala ovolosi yong'ambika pabondo. Ndiye fundi uja, mukafunse a Sichali.