Nthungululu ya a Tupochile ku Kielder

A Tupochile ndi namwino ku Newcastle, ndipo wofuna kuwanena ayambe wakumana ndi ine. Tsiku lopuma anzawo amagona. Iwo amanyamula kamera n'kupita kudamu la Kielder kukadikirira mbalame imodzi yokha. Azungu amaitcha osprey. Iwo amati nkhwazi, basi.

Nkhani yake ndi bambo awo ku Karonga, msodzi wakale, amene anawaseka pafoni: "Nkhwazi ku Ulaya? Unditumizire chithunzi itagwira nsomba, ndikhulupirira." Zaka zitatu akuyendera chithunzi chimenechi! Apita, mvula. Apitanso, mbalame ili patali ngati kachidontho.

Mwezi wa Juni anandikoka. "Tiye, Misozi, koma pakamwa pakopo utseke."

"Ine achemwali? Ndidalongololapo liti?"

Tinafika m'mawa. Anthu oonera mbalame ali ndandanda m'mbali mwa madzi, zii, ngati pamaliro a munthu wopanda abale. Maola awiri ine ndikulimbana ndi tizilombo toluma, pakamwa ndili tseke.

Kenaka iyo! Pamimba poyera, mapiko tambasu, yaima m'mwamba. Inapinda mapiko n'kugwera m'madzi, phava! Potuluka, nsomba ili m'zikhadabo, ikuphiriphitha.

Amene anasokosa si ine, ndikulumbira. Ndi a Tupochile. Kamera anaisiya ikulendewera m'khosi, dzanja pakamwa, nthungululu ya paukwati yeniyeni mpaka tsidya linayankha. Abakha onse balala. Chithunzi? Sanajambule n'chimodzi chomwe.

Mkulu wina wa chipewa chobiriwira anatembenuka nkhope ili gwa, akuti kuno sitikuwa. Ndinamuuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti mayi awa adikira zaka zitatu, ndipo kwathu chinthu chabwino sitichilandira ndi kunong'ona. A Tupochile akundikoka malaya, misozi ili mbwee. "Usiye, Misozi. Ndaphonya ndekha."

Mkuluyo anafunsa kuti chithunzicho n'cha ndani. Atamva za bambo aja anatitembenuzira kamera yake. Mbalame, nsomba, madzi akudontha, zonse zilimo. Anati dzina lake ndi Sean, timupatse nambala atitumizire chithunzicho. A Tupochile anachitumiza kwa bambo awo pomwepo.

Tisanafike n'komwe pagalimoto, yankho la ku Karonga linalowa, mawu ojambula: "Yaonda nkhwazi yakoyo, mwanangu, kaya imadya chiyani. Koma kagwiridweko ndi ka nkhwazi. Ndagonja."

Apa ndiye nthungululu ndinaimba ine.