Galimoto Yosungira Ukwati wa Sevara

Mirzohid, wometa tsitsi wa ku Tashkent, anakula akudziwa kuti chuma chimasungidwa m'galimoto, osati kubanki. Bambo ake anayendera yawo zaka zambiri, n'kuigulitsa pamtengo woposa umene anaigulira. Choncho boma litachepetsa msonkho wa galimoto zoyendera magetsi ndi petulo yemwe, iye anagula imodzi yoyera, kuti idzalipire ukwati wa mwana wake Sevara. Mapulasitiki a pamipando sanachotse, ndipo kuntchito ankapitabe pa basi.

Ukwati utayandikira, anakaiimika pamsika wa galimoto ku Sergeli.

"Achimwene, mwaisamala ngati dzira," anatero wogula wina akuseka. "Koma batire lili bwanji?"

"Batire? Galimotoyi sinayende n'komwe!"

"Limakalamba ngakhale chigonere, achimwene. Komanso zatsopano zangoti mbwee uko, zotsika mtengo. Msonkho anakuchepetserani inuwo, inenso sanandiiwale."

Mirzohid anazungulira msika wonse, ndipo anapeza kuti munthuyo sananame. Anabwerera kwa wogula uja, anagwirana chanza n'kumakokana mkono, monga amachitira kumeneko ponenerera mtengo, mpaka mtengo unakwerako pang'ono, kenaka anapereka makiyi.

Kunyumba, mkazi wake Dilbar anamuthirira tiyi.

"Nanga zayenda bwanji, bambo a Sevara?"

"Ukwati ulipo, ndipo mpunga wa mwambo wa m'mawa wa tsiku la ukwati aliyense adzadya," anayankha mofatsa. "Koma holo yaikulu tinkafuna kuchita lendi ija tiiwale. Tidzachitira pabwalo pano."

Dilbar anasuzumira pawindo, akuyeza bwalolo ndi maso.

"Ndiye mawa mukauze aneba atibwereke mabenchi," anatero.