Mayi Taipi ndi Zenera Lakuda

Kachipinda kawo kali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, ndipo munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. M'menemo Mayi Taipi akhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akutaipira anthu makalata ofunsira ntchito, odandaula kwa eni nyumba, ngakhale othetsera zibwenzi. Anayamba ndi makina ogogoda aja, olira kabelu kumapeto kwa mzere, ndipo mpaka lero kiyibodi amaimenya ngati inawalakwira.

Luso limene ankanyadira kwambiri linali lakuti zimene akutaipa saziwerenga. Mawu ankalowera m'maso kapena m'khutu n'kutsetserekera m'zala, kumutu osapatukirako. Munthu ankatha kuulula chinsinsi chonunkha bwanji, iwo zala zili gogogo, m'mutu akuganiza za nsapato zimene anasiya kwa wosoka. Anthu ankawakonda chifukwa cha zomwezo. Za eni sizinkatuluka m'kachipindamo, poti mwa iwo sizinkalowa n'komwe.

Kasitomala amene ankamupatsa mpando wa khushoni anali mmodzi yekha, a Nesi, namwino wopuma pantchito amene maso anali atayamba kuwathawa. Lachitatu lililonse m'mawa ankabwera, kugoneka ndodo pamiyendo, n'kumanena mbiri ya moyo wawo, Mayi Taipi akutaipa. Bukulo ankalembera munthu mmodzi: mwana wawo wamkazi, amene anakulira kwa azakhali ake mayi ake akutha zaka m'mawodi, ndipo mpaka ukulu wake awiriwo ankalankhulana ngati anthu okumana m'basi. A Nesi analetsa kusindikiza ngakhale tsamba limodzi ntchito isanathe. Ndiye chaka ndi theka cha Malachitatu, masamba 143, chinkagona m'kompyuta ya Mayi Taipi, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Tsono kompyutayo inali yochititsa manyazi. Kuti iyake, munthu unkasesa, kupukuta tebulo, kumwa tiyi, iyo ikadali kudziwongola. Mafulashi a makasitomala ankabwera ndi mavairasi ngati nsikidzi za m'nyumba zogona alendo, ndipo tsiku lina inatulutsa yokha chithunzi cha mkazi wosavala pamaso pa bambo wina amene anabwera kudzataipitsa uthenga wa maliro. Mayi Taipi anachiphimba ndi thumba lawo, ndipo masana omwewo anaitana mlamu wawo.

Mlamuyu ndi mwamuna wa mng'ono wawo, bambo wa dazi wa zaka makumi asanu, amene ntchito yake yeniyeni palibe amaidziwa koma chikwama chake chimakhala chodzaza mawaya. Atatsegula chimimba cha kompyuta munatuluka fumbi lochita ubweya, mphemvu zakufa ndi mazira ake, ndi kanalimata kouma kokakamira pa fani. Iye anangouzira ndi pakamwa, zonsezo n'kukagwera mu tiyi wa Mayi Taipi. Kenako anatulutsa soseji m'thumba la jekete, kuluma, n'kuyamba kuloza pa sikirini ndi chala chamafutacho. Mayi Taipi anatembenukira kukhoma.

Ulaliki wake unali wa Linakisi. Anati imeneyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yaulere, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense akhoza kuitsegula n'kuona mmene anaisokera. Anati makina okalamba imawadzutsa, ndipo mavairasi a m'mafulashi amangoiyang'ana ngati galu woyang'ana chitseko chotseka. Mayi Taipi anafunsa kuti ikavuta akadandaule kwa yani. Iye anati amangofunsa anzawo pa intaneti. Chinthu chopanda mwini, choti aliyense n'kumapisamo dzanja, chinawanyansa ngati thaulo la m'bafa la pa lendi, koma akanatani, kompyuta ikuwavula pamaso pa anthu.

Mlamu anasamutsira mafayilo awo onse pa kadisiki kakuda kolumikiza ndi waya, anafufuta kompyuta yonse, anaikamo Linakisi yakeyo, n'kunena kuti mawa adzabweza mafayilowo m'malo mwake. Mawa la mlamu limadziwika. Panatha miyezi iwiri Mayi Taipi akugwirira ntchito pa kadisiki kakudako, kali lende kuseri kwa tebulo.

Masabata oyamba anali achipongwe. Chilichonse chinali chitasamuka, ngati munthu wakulowera m'khitchini n'kukusinthira malo a mapoto. Zilembo zinasintha kaonekedwe, kalata ya tsamba limodzi n'kusefukira pa lachiwiri ndi mawu awiri okha. Pang'ono n'kufunsa pasiwedi, pang'ono n'kufunsanso, ngati mlonda amene sazindikira nkhope ya bwana wake. Chimene chinawakwiyitsa kuposa zonse n'chakuti kompyutayo inkayaka asanamalize n'kuvula juzi komwe, pulinta inkamvera, ndipo zithunzi zauve zija zinatheratu. Mlamu anali atanena zoona, ndipo zimenezo sanamukhululukire.

Panali chinthu chimodzi chimene ankachiopa, zenera lakuda lolembamo malamulo, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Mlamu ankalikonda kuposa mkazi wake. Anawasiyira kapepala ka mizere itatu, kothimbirira mafuta pakona, kosonyeza mmene angatsukire fulashi yamavairasi kuti isakapatsire makompyuta a ena. Mayi Taipi anakaponya m'dirowa atakagwira ndi zala ziwiri.

Lachitatu lina a Nesi sanabwere. Madzulo ake mwana wawo anaimba foni. Anati mayi ake agwidwa ndi sitiroko, mbali imodzi yafa, pakamwa papotoka ndipo mawu sakutuluka, moti madokotala sakulonjeza kuti adzalankhulanso. M'chikwama mwawo anapezamo kakalata konena kuti buku limene ankamulembera lili kwa Mayi Taipi. Anati abwera Lachisanu kudzalitenga, ngakhale lisanathe.

Mayi Taipi anafuna kuchita zinthu mwaulemu wake. Anaganiza zoti asindikize pa mapepala abwino, olemera aja, komanso ampatse mwanayo bukulo pa fulashi. M'dirowa munali fulashi yakale imene wina anaiiwala, yodzaza nyansi za mavairasi, ndipo sakanaika mawu a a Nesi m'chimbudzi chotero asanachitsuke. Lachinayi m'mawa anaibaya pa kompyuta, anatsegula zenera lakuda, anaimika kapepala ka mlamu pa kathabwa kawo koimikira makalata, anawongola msana, n'kuchita zimene achita kwa moyo wawo wonse. Anataipa mzere woyamba, kudina. Kompyuta inayankha kenakake m'Chingerezi, sanakayang'ane. Anataipa wachiwiri, wa zilembo zopanda mutu ndi mchira, inafunsa pasiwedi, anaipatsa. Anataipanso wachitatu. Sanaphonye ngakhale kadontho, ndipo anadzimva kuti akadali katswiri.

Kagetsi ka pa kadisiki kakuda kanayamba kuthwanima mwachangu. Anakaona, n'kuganiza kuti n'zamakono zimenezo. Anakhoma chitseko kupita kukagula mapepala, anakapeza mzere wautali, anadutsanso kwa wosoka nsapato, ndipo pobwera dzuwa linali litapendeka. Anaika mapepala mu pulinta n'kufuna kutsegula buku la a Nesi. Kadisiki kakuda sikanaonetse kanthu. Anakazula, kukabayanso, kuzimitsa kompyuta, kuyatsanso. Fulashi ija ndiye inalipo ndi nyansi zake zonse, yosakhudzidwa n'komwe.

Mlamu anafika akutafuna chingamu. Anayamba ndi kuseka, koma atawerenga za pa zenera lakuda kusekako kunathera panjira. Anafotokoza kuti Linakisi imatchula madisiki potsata imene yabayidwa poyamba. Dzina limene analemba pa kapepala linali la fulashi ikakhala yokha, koma poti kadisiki kakuda kanali kobayidwa kale, dzinalo linali la kadisikiko. Lamulo lija linadutsa pa kadisikiko kuyambira koyamba mpaka kumapeto likulembapo maziro okhaokha, ndipo palibe katswiri padziko amene akanabweza ngakhale chilembo chimodzi.

"Koma alamu, ndinalembatu pamwamba penipeni," anatero. "Simunawerenge?"

Anakweza zenera lija m'mwamba. Mzere woyamba unali pomwepo, wotaipidwa bwino lomwe, chilembo chachikulu poyamba, kadontho kumapeto: Choyamba zulani kadisiki kakuda kaja. Chenjezolo Mayi Taipi analitaipira kompyuta m'malo molimva okha, iyo n'kuwayankha kuti lamulo lotero silidziwika.

Mayi Taipi anafunitsitsa kumusenzetsa mlamu mlandu wonse. Ndiye anawasiya miyezi iwiri ndi mafayilo akulendewera pa waya, ndiye analemba chenjezo ndi lamulo ndi cholembera chimodzi ngati zinthu zofanana. Koma atayamba kuwaphunzitsa kuti munthu wanzeru amasunga zinthu malo awiri, akuphulitsa chingamu, iwo anangomulozera chitseko. Atatsala okha anayang'ana zala zawo khumi zili pa kiyibodi, zoyera, zikhadabo zowengedwa bwino, ndipo zinawanyansa kuposa mphemvu za m'kompyuta zija.

Lachisanu mwana wa a Nesi anafika nthawi ya teni koloko, mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamaso otupa, atanyamula envulopu yaikulu yoti aikemo bukulo. Mayi Taipi anamupatsa mpando wa khushoni n'kumuuza zonse, osabisala kuseri kwa mlamu kapena kwa Linakisi. Mayiyo anamvetsera osadula mawu. Kenako anayamba kupinda kona ya envulopu ija, kuseri kwa khoma makina a wometa akulira.

"Chabwino, mapepala apita," anatero pomaliza. "Koma inu munalipo, mayi. Chaka ndi theka munkawamva. Ndiuzeni pakamwa basi, ndilemba ndekha."

Mayi Taipi anafufuza m'mutu mwawo ngati munthu wofufuza m'thumba lobooka. Anakumbukira kuti masamba anali 143. Anakumbukira kuti a Nesi ankakonda kuyamba chiganizo ndi "komatu", ndipo iwo ankawachotsera ena kuti asachuluke. Anakumbukira kuti Lachitatu lina nkhalambayo inalira mpaka kupempha madzi, iwo n'kupezerapo mpata wowongola mizere ya m'mbali. Chimene inkalirira sanachidziwe.

"Ngakhale za ine zokha," anatero mayiyo, mawu atatsika. "Chifukwa chimene anandisiyira kwa azakhali. Ananenapo, eti?"

Bodza linali pafupi, lofewa, losavuta. Akanati mayi ako ankakukonda, ankadandaula tsiku ndi tsiku, ndipo mayiyo akanapita nalo kuchipatala atalifungatira. Koma Mayi Taipi anali asanaikepo mawu awo m'kalata ya munthu, ndipo sanadziwe ngati a Nesi ananenadi zimenezo kapena zina zowawa kuposa apo.

"Ananena, mwanangu," anayankha. "Ndikukhulupirira kuti ananena zonse. Ine ndinkangotaipa, sindinkamvetsera."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo, mmene munthu amayang'anira chinthu chimene waponda mwangozi panjira. Anaimirira, anathokoza chifukwa cha mpando, n'kunena kuti athamangire kuchipatala nthawi yoona odwala isanathe. Ankapita kukakhala pambali pa mayi ake, amene tsopano ankangomuyang'ana ndi diso limodzi, akudikira kumva kuti wawerenga.