Achimwene pa bwato nthawi ya mwera

Achimwene anga anali khansala ku Blantyre. Kwathu ku Bua tinkangowatchula kuti a meya, ngakhale mpando weniweniwo unali wa mzungu. Chaka chimene anthu akuda ambiri analoledwa kuvota, anabwera kudzapempha mavoti kuti akalowe m'nyumba ya malamulo ku Zomba.

Msonkhano wawo womaliza unali ku Ngala, kumpoto kwa mudzi wathu. M'mawa wa tsikulo tinamva kuti lole yodzawatenga yafera ku Kota Kota. Mwera unali utayamba kale kuwomba. Achimwene anapeza amuna anga akusoka ukonde.

"Alamu, ndiperekezeni pa bwato."

Amuna anga anayang'ana nyanja nthawi yaitali. "Kupitako mphepo itikankha. Zobwerera sindikudziwa."

"Achimwene, inu kusambira munaiwala kalekale," ndinatero ine.

"Ndikapanda kufika, chemwali, adzati wam'tauni watinyoza."

Anavula nsapato n'kuzimangirira m'khosi, n'kukwera. Ine ndinali ndi pathupi. Ndinaima pamchenga mpaka bwato linabisika m'mafunde, kenako ndinapita kukavuula chinangwa. Amayi sanadye tsiku limenelo. Ankangofunsa aliyense wodutsa ngati akuchokera kumpoto.

Kutacha, asodzi anatola nkhafi m'bango n'kubwera nayo kwathu. Ndinaitembenuza uku ndi uku, osatha kudziwa ngati inali ya amuna anga. Azimayi a m'mudzi anayamba kufika mmodzimmodzi, n'kumakhala pakhonde ngati pamaliro. Ndinkafuna kuwathamangitsa.

Uthenga unabwera masana ndi bambo wina wogulitsa nsalu pa njinga. Anati bwato linagubuduzika pafupi ndi gombe la Ngala, anthu n'kuwavuula onse awiri. Nsapato ndi jekete zinapita ndi madzi. Achimwene analankhula pamsonkhano atavala mkanjo wobwereka kwa shehe wa kumeneko, mano akugundana.

Amuna anga anabwera wapansi, bwato atalisiya losweka. Sanafotokoze zambiri. Anangopempha madzi otentha n'kugona.

Achimwene anapambana, ndipo anakhala zaka zambiri m'nyumba ya malamulo. Kumudzi ankabwera patalipatali, pa galimoto. Amuna anga chifuwa chimene anachitenga m'madzimo sichinawachoke, moti nyengo yozizira ikafika ndinkagona ndikumvetsera mmene akupumira.