Mame Atasiya Kugwa ku Kaomba

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kaomba kunali nkhalango ya mitengo yachilengedwe monga tsamba ndi masuku, yotsetserekera kudambo kumene kunali chitsime chathu. Popita kusukulu mame ankatinyowetsa mpaka m'mawondo, ngakhale mvula itasiya kalekale. Ukafukula masamba ouma, dothi la pansi linali lozizira, lonunkhira bowa.

Makuponi a feteleza atafika, amalume anga, mchimwene wawo wa amayi, anayamba kudziona ngati bwana wa esiteti. Anaitana matenanti, nati akufuna munda watsopano wa fodya ndi mitengo yomangira zigafa. Nkhwangwa zinayamba kulira kuseri kuja.

Amayi anamanga mpango m'chiuno n'kupita konko, ine ndili pambuyo.

"Achimwene, mitengo mukugwetsayi ndi imene imasunga madzi a chitsime chathu."

"Mvula imachokera kumwamba, mlongo wanga, osati m'mizu. Feteleza alipo, ukuopanji?"

"Nanga fetelezayo adzamwa chiyani m'dothi louma?"

Amalume anaseka, nauza matenanti kuti asaime. Kuseka kumene kuja sindinakuiwale, ndipo sindinawakhululukire.

Chaka choyamba fodya anachita bwino, amalume anagula njinga yamoto, ndipo ankadutsa nayo dala pakhomo pathu. Kenako malo aja anayamba kubwezera. Nthaka yopanda mthunzi inkatentha mapazi dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo mphepo yochokera kumeneko inali ngati ya m'ng'anjo. Akamvuluvulu ankayenda m'munda tsiku lonse. Mame anatha. Mitambo inkasonkhana, kugunda, n'kupitirira. Sindikunena kuti nkhalango yathu yokha ndiyo inkagwetsa mvula, chifukwa anthu ankadula paliponse mpaka ku Kaluluma. Koma mvula ikati yabwera inkagwa mwaukali panthaka youma gwa, osalowa pansi. Inkakokolola mizere pamodzi ndi feteleza yemwe uja, n'kukumba chigwembe pakati pa mudzi ndi dambo. Dzuwa likawala pang'ono, chinyontho chatha, chimanga chayamba kufota.

Chitsime chinaphwa. Amayi anayamba kukatunga madzi kumudzi wa kutsidya, kudutsa pachigwembe chija. Tsiku lina dothi la m'mbali linagumuka nawo ndowa ili pamutu, ndipo anathyoka fupa la m'chiuno.

Amalume anabwera kudzawazonda atanyamula shuga.

"Pepa mlongo wanga. Ndi nyengoyi, kulikonse kwasintha."

Amayi anali gone pamphasa.

"Tengani shuga wanuyo muzipita," anatero.

Munda uja utaguga, amalume anathamangitsa matenanti nasamukira ku Boma, kumene amagulitsa makala. Amayi anakhala akuyendera ndodo mpaka imfa yawo. Pamaliro amalume anafuna kulankhula m'malo mwa banja, koma ine ndinaimirira pamaso pa anthu onse n'kuwauza kuti akhale pansi.