Chikuto cha Buku la Nyenyezi

Sananene odi. Ichi ndiye ndimayamba nacho anthu akandifunsa, chifukwa kwathu kuno ngakhale wodzanena za maliro amayamba waodira. Linali Lolemba m'mawa, Julaye atangoyamba, chaka chija nyanja inadzaza mpaka kumiza minda ya m'mphepete. Mwera unali ukuwomba, asodzi sanalowe m'madzi. Ine ndi achimwene tinali pakhonde, mabuku tawayala pamphasa, tikukangana. Podzutsa mutu ndinangoona wapolisi waima pabwalo, kumbuyo kwake anyamata a chipani a malaya ofiira aja, mmodzi mwa iwo mwana amene ndinam'sambitsa ndi manja angawa tsiku limene anabadwa.

"Amayi, wosoka mabuku pano ndani?"

"Ndine, bwana."

"Tengani mpango. Akukufunani kuboma."

Koma ndifotokoze kaye za mabukuwo, apo ayi muganiza kuti ndinali munthu wophunzira. Ayi ndithu. Sukulu ndinalekezera Sitandade faifi. Chichewa ndimawerenga bwinobwino, koma Chingerezi ndimayenda nacho ngati wosenza ndowa pamiyala yoterera. Wophunzira anali achimwene, mlongo wanga wamkulu, mphunzitsi pasukulu ya mishoni tsidya lino la nyanja, mpaka ng'ala inawatseka maso onse awiri. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutauni, inenso mwamuna wanga nyanja inam'tenga kalekale. Ndiye tinakhala nyumba imodzi, iwo ndi bokosi lawo lachitsulo la mabuku, ine ndi maso. Masana aliwonse tikatha kudya ndinkawawerengera.

Mwezi ukayamba tinali ndi mwambo wathu. Tinkatulutsa mabuku onse n'kugwirizana kuti awa ndi a sabata yoyamba, awa a yotsatira, mpaka mwezi kutha. Osalemba paliponse, tinkangounjika milu pawindo, mulu uliwonse mwala wake pamwamba. Iwo mabukuwo ankawadziwa ndi zala. Mphemvu za kunyanja kuno zimakonda zomatira mabuku kuposa chakudya, moti zikuto zinali zitatha kale, ine n'kusokera lililonse chovala chake. La mbiri ya mafumu linavala kabudula wakale wa khaki. La amalinyero a panyanja yamchere linavala chiguduli. Kankhani kachikondi kamene ndinkakakonda ine, ka mtsikana wokana mwamuna wolemera, ndinakaveka chidutswa cha diresi langa la ukwati. Achimwene akakakhudza ankati, "Aka kabweranso? Chemwali, mtsikanayu tim'kwatitsa kangati?"

Ndiye panali limodzi lalikulu, lolemera ngati njerwa, la Chingerezi, la nyenyezi. Anawapatsa ndi wansembe wina wachizungu pobwerera kwawo, maso atayamba kale chifunga, moti sanaliwerengepo n'tsamba limodzi lomwe. Mwezi uliwonse ankalikankhira pakati pa mphasa. Mwezi uliwonse ine ndinkalibweza m'bokosi.

"Limeneli n'la nyengo yotentha, achimwene."

Kukatentha: "Tidikire mvula, mutu uzizire."

Mvula ikagwa, si ine uyo kumunda. Iwo ankangoti, "Chabwino. Maso ndi ako."

Chaka chimenecho analankhula mosiyana. Anati, "Chemwali, chifuwachi sichikundisiya. Julaye uno tiyambe la nyenyezi. Ena onse adikire." Ndinavomera. Ndipo pofuna kuwasangalatsa ndinati ndilisokere chikuto chatsopano, chofewa, kuti zala zawo zikondwe. Nsalu yofewa m'nyumbamo inali imodzi yokha, chitenje cha chipani chimene amayi tonse tinkavala povinira Mtsogoleri akabwera kuboma. Chinali chitatha, chitang'ambikira pamsomali, ndipo ndinali nditagula kale china. Ndinadula, ndinapinda, ndinasoka. Nkhope ya Mtsogoleri ya pachitenjepo inagwera pamsana pa buku, ulusi wakuda n'kudutsa pakamwa penipeni. Ine ndinkangoyang'ana kuti msoko uwongoke, basi. Loweruka ndinayanika mabuku onse pathandala la usipa kuti chinyontho chichoke, ndipo thandala lathu lili m'mbali mwa njira ya kuchigayo. Anaona ndani, anakanena ndani, sindinafunse ndipo sindifuna kudziwa. Ena a iwo mpaka lero timamwera chikho chimodzi kutchalitchi.

Lolemba limenelo mkangano wathu unali woti ine ndinkafuna kulowetsako kachikondi kaja, ngakhale Lamulungu lokha. Ndi mawu amenewo ali pakamwa m'pamene anandipeza.

Achimwene anaimirira atagwira nsanamira. "Bwana, mabuku ndi anga. Ndine ndinam'tuma."

"Wakhungu sasoka, madala. Khalani pansi."

Anyamata analonga zonse m'bokosi, mabuku ena atapindika masamba. Achimwene anamva chivundikiro chikutsekedwa, n'kunena kuti, "Tisiyireniko limodzi, ana inu."

Mwana ndinam'sambitsa uja ndiye anayankha. "Muliwerenga ndi chiyani, aphunzitsi? Ndi mphuno?"

Anzake anaseka. Ine zonse zimene ndikanawauza achimwene, ndinangoti, "Phala lili pamafuwa, musamale moto." Anandikweza landirova kumbuyo, bokosi lili pamiyendo panga.

Tinawoloka mlatho wa pa Shire, n'kunditsekera m'chitolokosi cha kupolisi. Lachitatu anandiitana mu ofesi. Munali munthu wosavala yunifolomu, wolankhula mofatsa ngati m'busa. Buku lija linali patebulo, msana wake ukuloza kwa ine.

"Amayi, pakamwa apa mukufuna kutseka ndani?"

"Palibe, bwana. Ndi msoko chabe."

"Msoko chabe. Chitenje chonsechi, singano n'kusankha pamenepa?"

Anatsegula pakati, pamene panali tsamba lakuda la timadontho toyera tolumikizidwa ndi mizere.

"Mapu a kuti awa? Njira za ku Namwera zotulukira kumalire?"

"Ndi nyenyezi, bwana."

"Munaliwerenga?"

"Ayi."

"Buku mwalisokera malaya, koma simunaliwerenge. Werengani."

Ndiye ndinawerenga. Tsamba loyamba, limene achimwene analidikira zaka zonse zija, ndinam'werengera munthu ameneyo, nditaima. Ndikapunthwa pa liwu, iye ankayang'ana mnzake amene anaima kumbuyo kwanga. Ndinapunthwa pa mawu ambiri. Za m'chipinda chimenecho ndilekeze pomwepa. Zala ziwiri za dzanja lamanjali sizipinda, ndipo chichokere kumeneko sindinagwirenso singano. Mabatani amandisokera ndi adzukulu, mokhotakhota, koma ndimangothokoza.

Khoti sindinalione. Ananditumiza kundende ina yaikulu kutali, kumalo kozizira kopanda nyanja, kumene anthu ake nsomba amaidziwa youma yokha. Pondilandira mlonda wamkazi anandiuza kuti, "Kuno masiku simuwerenga ndinu, amayi. Amawerenga a ku ofesi, ndipo nthawi zina amaiwala." Amayi ambiri m'menemo anali a mpingo uja unakana kugula makadi a chipani, anthu odekha, oimba motsitsa. Panalinso mayi wina wachiyao wa kwa Mponda, wogulitsa nsomba, amene pakamwa pake panam'pachika pamsika. Ameneyu ndiye anali kalendala yathu. Anazolowera kuyang'ana mwezi chifukwa cha kusala kwawo, ndiye ukangooneka ankati, "Wakhala, anzanga, wina uyo."

Nyemba zinali zofumbwa, n'zoona. Nsabwe, chidebe cha pakona, bulangete limodzi m'nyengo yozizira, zonsezo n'zoona, ndipo ena anazilemba kale bwino kuposa ine. Chimene sindinamvepo wina akunena ndi ichi: ine kundende ndinagona tulo. Panalibe wondiitana kuti chemwali ndodo yanga ili kuti, chemwali nditsogolere kuseri, chemwali ndani akudutsa panjirapo. Msana unapuma. Ndipo posankha nyemba pabwalo, pakamwa pangapa posakhala chete, ndinayamba kuwafotokozera anzanga nkhani za m'mabuku aja, pamtima. Posakhalitsa unakhala mwambo. Mwezi ukangokhala, m'mawa mwake ankandizungulira ndi malichero awo.

"Uno tiyambe ndi amalinyero aja."

"Iyayi, amalinyero tatopa nawo, angokhalira kumira. Mtsikana uja!"

"Mafumu bwanji?"

"Walahi, za mafumu m'malo ano? Mukufuna atiwonjezere zaka?" Ameneyo mayi wa nsomba.

"Ndiye mtsikana sabata yoyamba, amalinyero yachiwiri, kenako mtsikana kachiwiri."

Ndinkasankha zokoma zokhazokha, n'kumawonjezera mchere pamene ndaiwala. Palibe amene anandikankhira chinthu cholemera pakati pa mphasa. Ngakhale mlonda ankaima chapafupi, maso ali kumpanda, ndipo tsiku lina analephera kupirira. "Ndiye bambo wake wa mtsikana uja anavomera?" Ndinakhala munthu wofunika m'menemo, inu. Wina ankandisungira mkute, wina kundichapira. Ndinkasangalala nazo. Mpaka tsiku lina mayi wina wachikulire wa mpingo uja anaseka n'kunena kuti, "Mtsikanayu tim'kwatitsa kangati kodi?" Lichero linandigwa m'manja. Dzuwa linali pamutu, ndipo chidzukire m'mawa ndinali ndisanawakumbuke achimwene ngakhale kamodzi. Ndinatola nyemba zija imodziimodzi, anzanga akudikira, kenako ndinapitiriza nkhani.

Mvula inagwa n'kutha, kuzizira kunabweranso n'kupita. Lachisanu lina mu Okutobala anandiitana kuchipata.

"Mtsogoleri wakukhululukirani. Thokozani."

Ndinathokoza. Ndinafunsa za bokosi lija.

"Amayi, mukutuluka ndi mutu wanu, mukufunanso katundu?"

Sanandilole kubwerera kukatsanzika. Anzanga ndinawasiya amalinyero ali pakati pa madzi, chombo chikudontha, ndipo sindidziwa amene anawafikitsa kumtunda.

Ndinabwerera pa lole yodzatenga nsomba, njira yonse ndikukonzekera kumva kuti manda ali pakuti. Koma ndinawapeza pakhonde pomwe paja, ataonda ngati bango. Akazi a msuweni wathu ndiwo ankawabweretsera chakudya, mobisa poyamba, chifukwa nyumba ya womangidwa anthu ankailambalala. Anandipapasa nkhope, kenako manja. Atafika pa zala zija anakhalitsapo.

"Mabuku?"

"Sanabweze, achimwene."

"Lija analitsegula?"

"Anandiwerengetsa. Tsamba loyamba."

Anasendera pafupi, khutu ataloza kwa ine. "Likuti chiyani?"

M'mutu mwanga munalibe liwu n'limodzi lomwe la tsamba limenelo. Ndinkangokumbukira nsapato za munthu uja, ndi ntchentche imene inkayenda patebulo. Koma mukanaona nkhope yawo. Ndiye ndinayamba.

"Likuti Nthanda ikatuluka kum'mawa, ndiye kuti kwatsala pang'ono kucha."

"Eya."

"Likuti mwezi uli ndi akazi awiri. Wina amaudyetsa n'kunenepa, wina amaumana n'kuonda."

"Eya."

"Likutinso mwezi ukawala kwambiri, usipa subwera kunyali."

Anayamba kutsokomola, nthawi yaitali, ine n'kuthamangira madzi. Pobwera ndinapeza kuti akuseka.

"Ndiye kuti mzungu ameneyu anakulira pagombe pathu pano."

Ndinaima ndi chikho m'manja, manyazi atandigwira, osadziwa poyang'ana. Iwo anapapasa mphasa pambali pawo.

"Khala pansi, chemwali. Pitiriza."

Ndinapitiriza masana aliwonse mpaka zanga zinatha, n'kuyamba kukafunsa asodzi akamasoka maukonde, n'kubwera nazo ngati zochokera patsamba lachiwiri. Iwo ankangoti eya. Anamwalira chaka chomwecho, mvula itangoyamba.

Ufulu unabwera patapita zaka, tinakaima pamzere n'kuvota, ndipo lero chitenje cha nkhope ya aliyense anthu amasefera madzi popanda wowafunsa. Ndi bwino zimenezo, sindikutsutsa. A kutchalitchi pondipempha kuti ndilembe izi anati, amayi munazunzika, anthu adziwe. Ndalemba. Koma ndikamaganiza, womangidwa weniweni anatsala pakhonde, ndipo anayamba kudikira apolisi asanabwere. Zaka zonse zija ndinali ndi maso, buku linalipo, masana analipo. Panalibe wondiletsa.

Masiku ano kuboma anyamata amayala mabuku akale pansi pafupi ndi msika, aliyense n'kumagula limene wafuna. Ndikapita ndimaima pamenepo, njinga zikundilizira belu. Ndimawafunsa kuti muli nalo la nyenyezi, lalikulu, lolemera ngati njerwa, la tsamba lakuda pakati?

"Dzina lake, agogo? Analemba ndani?"

Ndinalisunga zaka zonsezo, ndinaliyanika padzuwa, ndinalisokera malaya, koma dzina lake sindinaliyang'anepo. Ndimangoti zikomo ana anga, n'kupita kukagula tomato.